Banga la pa Wotchi ya Malemu Kamtedza

Ndinalota ndili pa thebulo langa lokonzerapo mawotchi, pakhonde la sitolo ku Limbe. Mumsewu munalibe galimoto ndi imodzi yomwe. Munkayenda madzi, ndipo anthu ankawoloka atakwinya zovala, osadandaula.

Panafika mayi Nasibeko, amene amagulitsa nsalu kuseri kwa msika, atafumbata wotchi ya malemu amuna awo, bambo Kamtedza. Inali yamakedzana, yochita kupukusa ndi zala kuti iyende. Nkhope ya wotchiyo inali itachita chikasu, manambala atafufutika, ndipo pafupi ndi faifi panali banga longa dzimbiri. Anati ndiipale ndi kuipentanso iyere ngati yatsopano, poti mwana wawo Yotamu adzaivala pa ukwati wake. Nditafunsa tsiku la ukwatiwo anati ndi dzulo, choncho ndifulumire. Ndinaona kuti akunena zoona.

Ndinachotsa galasi la wotchiyo n'kuwerama kuti ndione bwino. Poweramuka ndinapezeka nditaima pankhope yake, yaikulu ngati bwalo la mpira, chitini cha penti kudzanja lino, burashi kudzanja linalo. Manambala anali atachoka m'malo mwawo. Seveni anali atagona pamalo pa thuu, ndipo nditamufunsa anati kumeneko n'kumene kuli mthunzi. Ndinamusiya.

Ndinayamba kupenta kuchokera pa thwelofu. Muvi wautali ukamabwera ndinkagona chafufumimba kuti udutse. Nthawi zina unkachokera kumbuyo, nthawi zina kutsogolo, mwakuti sindinkadziwa ngati kukucha kapena kukuda.

Nditafika pabanga paja ndinapeza bambo Kamtedza atakhala pampando, atavala jekete koma opanda nsapato. Maliro awo ndinapitako, bokosi ndinanyamula nawo, komabe ndinatula chitini pansi n'kuwapatsa moni. Anayankha mwaulemu, nafunsa za kunyumba. Kenako anandiuza kuti bangalo si dzimbiri ayi. Ndi mvula imene inalowa m'wotchimo tsiku limene anaima panja pa chipatala kudikira kuti Yotamu abadwe.

"Pano ndi pakhomo panga, amisiri," anatero. "Mukapentapo, ndikagona kuti?"

Kumwamba kunada, ndipo nditakweza maso ndinaona diso la mayi Nasibeko litadzaza thambo lonse. Mawu awo anatsika kufunsa chimene ndalekera ntchito. Ndinafuna kuwafotokozera kuti amuna awo ali pano, koma m'kamwa mwanga munkangotuluka kulira kwa wotchi, thi, thi, thi. Iwo anati ndimalize.

Eni wotchi anali awiri, wina pamwamba wina pansi, ndipo sindinadziwe womumvera. Ndinatola burashi n'kuyamba kupenta mozungulira, pang'onopang'ono, ndikuyandikira mpando uja. Bambo Kamtedza sanakalipe. Anangokweza miyendo monga achitira munthu akamamusesera m'nyumba. Patatsala malo aakulu ngati mkeka, ndinaima.

Diso lija linayang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako mawu a mayi Nasibeko anatsikanso.

"Bambo a Yotamu, mwadya?"

"Ndadya, amayi."

"Pasiyeni pamenepo, amisiri."

Atatero anatenga galasi n'kutseka okha. Ndinakupiza burashi kuti aone kuti ndikadali m'kati, koma sanandione. Konsekonse kunali penti yaiwisi, yoyera mbee, ndipo popondapo panalibe kupatula pabanga pomwepo. Bambo Kamtedza anasendeza mpando wawo kuti nane ndipeze pokhala.

Posakhalitsa pansi panayamba kufunda, kenako kugunda. Ndinayesa ndi makina a wotchiyo, koma kagundidwe kotere ndinali ndisanakamvepo m'wotchi iliyonse. Bambo aja anatsika pampando, nagwada, naika khutu pansi. Anati umenewo ndi mkono wa mwana wawo, ndipo mwanayo ali ndi mantha. Chapatali kunkamveka kwaya ikuimba, ngati kutsidya kwa mtsinje.

Ndinawafunsa njira yotulukira, ndinati kunyumba akundidikira. Anakweza chala osachotsa khutu pansi.

"Taimani kaye, amisiri. Abusa akumufunsa ngati akuvomera."

Kwaya ija inaleka. Nane ndinagwada n'kuika khutu pansi pafupi ndi iwo. Muvi unadutsa pamwamba pathu, unabweranso, unadutsanso, mnyamatayo asanayankhe. Ife tinali phee, kumvetsera.