Msuweni Woimba Lipenga

Kendarius Mingo sanali wamkulu thupi. Akavula chisoti ndi zotchinjiriza mapewa zosewerera mpira wa Chimereka, ukanamuyesa mwana wa kwaya. Koma akangoupana mpira kukhwapa Lachisanu madzulo, zimphona za timu inayo zinkangogwira mphepo n'kumagundana zokhazokha, iye atadutsa kalekale. M'chaka chake chomaliza kusekondale, makochi a m'makoleji a m'chigawo chonse cha Alabama anayamba kuimba foni kunyumba.

Bambo ake, a Orlandus, oyendetsa lole yonyamula mitengo, anali atamusankhira kale. Ankafuna yunivesite yaikulu ija imene masewero ake amaonetsedwa pa kanema. Za kakoleji ka Tolliver, kamene kochi wake ankabwera kudzaonerera ngakhale kukugwa mvula, sankafuna n'kumva komwe.

Loweruka lina yunivesite yaikuluyo inatumiza munthu wake, a Stokes, amene anali atangoyamba kumene ntchitoyo. A Orlandus anali asanabwere kuchokera kunkhalango. Pakhonde panali Kendarius ndi msuweni wake Lamarcus, chimunthu chodzaza chitseko, woimba lipenga lalikulu m'bandi ya sukulu. Lamarcus chibadwire anali asanathamangepo, kupatula akamva kuti chakudya chapsa.

A Stokes anatsika m'galimoto lonyezimira, namudutsa Kendarius ngati mzati, n'kukagwira dzanja la Lamarcus ndi manja awiri.

"Kendarius, mwana wanga! Taonani thupi, anthuni!"

Lamarcus anatsegula pakamwa kuti akane, koma Kendarius anamuponda chala.

"Lowani, bwana," anatero Kendarius mwaulemu wonse. "Kendarius wakhala akukudikirani kuyambira m'mawa. Ine ndine msuweni wake. Ndimaimba lipenga."

Mayi a Kendarius, a Verlene, anatulukira ndi mbale ya nkhuku yokazinga ndi chigumu. Atamva mlendo akutchula Lamarcus kuti Kendarius, anayang'ana mwana wawo ndi diso lakuthwa. Iye anangophethira ngati mwana wankhosa. Mayiwo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi phwete, kenaka anatenga ntchafu yaikulu n'kumuikira Lamarcus.

"Idya, katswiri wanga."

A Stokes analankhula osapuma. Anati masewero onse a Kendarius anawaonera, ena mpaka kubwereza.

"Ngakhale aja anathamanga ndi nsapato imodzi, bwana?" anafunsa Kendarius akuwathirira tiyi wozizira.

"Amenewo ndiye osanena! Ndinaimirira pampando!"

Masewero otero anali asanachitikepo. Lamarcus, amene tsopano ukatswiri unali utayamba kumukoma, anatsamira mpando, nkhuku ili kumanja, n'kufunsa ngati kuyunivesiteko munthu amaloledwa kubwereza chakudya. Atamutsimikizira, anafunsanso ngati adzasewere chaka choyamba chomwecho.

"Iwe, ndi thupi limenelo? Udzasewera," anatero a Stokes. "Kungoti tidzakusintha malo, uzikagwetsa anthu kutsogolo. Zothamanga ndi mpira uzisiyire tiana tating'onoting'ono. Timeneto tili nato tambirimbiri, timangofunditsa benchi osasewera mpaka kumaliza sukulu. Tangati msuweni wakoyu." Anatembenuka n'kumusisita Kendarius paphewa. "Usadandaule, mphwanga. Lipenga nalonso ndi luso."

Kendarius anaseka nawo, koma mawuwo anamulowa ngati munga.

Nthawi yomweyo lole inalira panja. A Orlandus analowa akupukuta manja, nkhope ili mwee, napereka moni kwa mlendo. Kenaka anaona jagi ya tiyi m'manja mwa mwana wawo.

"Kendarius, ukutani ndi jagi? Khala pansi ucheze ndi mlendo wako! Nanga iwe Lamarcus, pampando wangapo ukufunapo chiyani?"

A Stokes anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, chigumu chili kukhosi. Atatsokomola mokwanira anati ankadziwa kuyambira pachiyambi, ankangofuna kusangalatsa anyamatawo. Posakhalitsa anakumbukira kuti ali ndi nyumba ina yoti afikeko.

Galimoto lisanakhote n'komwe, a Orlandus anaphulika.

"Mwandivula pamaso pa mlendo! Mwayi ngati umenewu mukuuseweretsa? Ndipo inu mayi ake, munthu wamkulu, mukuthandizira zopusazi?"

"Ine ndimangogawa nkhuku, bambo a Kendarius," anatero a Verlene. Kenaka anawafotokozera, liwu ndi liwu, za tiana tofunditsa benchi tija.

A Orlandus anatola fupa n'kuyamba kulitafuna.

"Onse ndi amodzimodzi," anatero pomaliza. "Wa ku Tolliver wakoyo naye abwere. Timutchere msampha womwewu, tione ngati sakodwa."

Ndiye Loweruka lotsatira anali a Orlandus eniake amene anakonza zonse. Anamuveka Lamarcus jekete ya timu, imene inakana kutseka pamimba, n'kumukhazika pampando waulemu. Kendarius anamupatsa tsache kuti azisesa pakhonde.

A Fairley, kochi wa ku Tolliver, anafika pa kagalimoto kotsokomola, chitseko chake chomanga ndi waya. A Orlandus anawachingamira okha.

"Takulandirani, akochi. Kendarius uja ndi ameneyu."

A Fairley anamuyang'ana Lamarcus kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu ndimamudziwa," anatero. "Ndi uja amachedwa kulowa nyimbo ya fuko, lipenga lake n'kumalira anzake atamaliza." Anatembenukira pakhonde. "Iwe watsache, tabwera kuno. Ukamathamangira kumanzere umaupanabe mpira kudzanja lamanja. Tsiku lina adzakulanda anthu akuona. Ukabwera kwathu chimenecho ndiye choyamba kukonza."

"Ndidzasewera chaka choyamba, akochi?"

"Ukalimbikira. Ukachita ulesi udzakhala pabenchi, ndipo benchi yathu ndi ya thabwa, ili ndi misomali."

Lamarcus anavula jekete ija mokhumudwa. "Ndiye kuti lero ntchafu si yanga?"

A Orlandus anayesa njira zina. Anafunsa kuti bwalo la ku Tolliver limalowa anthu angati. A Fairley anati zimatengera ngati tchalitchi chapafupi chabwereketsa mipando. Anafunsa za kanema. A Fairley anati mlamu wawo amajambula ndi foni, dzanja likapanda kutopa. A Verlene anathawiranso kukhitchini.

Mlendo atapita, Kendarius anaima pamaso pa bambo ake, tsache likadali m'manja.

"Adadi, ine ndikupita ku Tolliver. Ndikufuna kusewera."

A Orlandus anapumira m'mwamba, nayang'ana kudenga ngati kuti yankho lalembedwa kumeneko.

"Munthu amene sangathe kukonza chitseko cha galimoto lake," anang'ung'udza, "akakonza dzanja la mwana wanga?" Anakanda chibwano. "Koma zakumanzerezo sakunama. Inenso ndakhala ndikuziona."

"Simunanenepo chikhalire," anatero a Verlene ali kukhitchini.

"Ndimadikira nthawi yake! Iwe, maliza kusesa pakhondepo. Wasiya zinyalala pakona."