Kazitape ndi Loya

M'chipinda chamdima cha bambo munali makina awiri okulitsira zithunzi, ndipo onse anali ndi mayina. Aja a magalasi okhuthala pansi pa babu ankawatcha Kazitape, chifukwa sankasunga chinsinsi cha munthu. Kachiphuphu, khwinya, ngakhale kafumbi kogwera pa negativi, kafilimu kochokera m'kamera kaja, zonse zinkatuluka papepala ngati nazonso zinabwera kudzajambulitsa. Enawo, a kabokosi koyera kofewetsa kuwala, anali Loya. Ukalowa ndi nkhope yolakwa, unkatuluka wopanda mlandu.

Titatseka situdiyo tinasamutsira katundu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, koma patebulo pankangokwana makina amodzi. Apa ndi pamene achimwene anatulukira, kamera yaikulu pakhosi, nzeru zosaitanidwa pakamwa. Munthu amene pamaliro a mayi anafika anthu akuchokera kumanda, tsopano ndiye anali woyamba kudziwa zoyenera kutaya.

"Kazitape apite," anatero. "Ndani masiku ano amafuna kuona makwinya ake?"

Ine za makasitomala ndinalibe nazo ntchito. Bambo anali atayamba kuiwala. Anaiwala njira ya kusitudiyo, kenako anaiwala ine, n'kumanditcha anesi. Tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana mpando wa mayi, ndipo anandifunsa mwaulemu kuti kodi amene ankakhala pamenepa ankaoneka bwanji. Ndinalira, sindibisa. Bambo anajambula anthu moyo wawo wonse, koma mkazi wawo anamujambula kamodzi kokha, poti mayi ankathawa kamera ngati jakisoni. Negativi imodzi imeneyo ndinkafuna ikhale chithunzi chachikulu, bambo asanawataye mayi kachiwiri.

Achimwene anati ntchitoyo ndi yawo, poti iwo ndiwo amajambula maukwati a anthu ozindikira. Anaika Loya patebulo, Kazitape n'kumusiya pakhomo pamodzi ndi tsache, ndipo anadzitsekera masana onse akuimba mluzu. Atatuluka anandionetsa mayi osalala ngati sopo watsopano. Anali okongola, inde. Ndikanakumana nawo pamsewu ndikanawapatsa moni n'kupitirira.

"Negativi yakoyi inali yokandika," anatero achimwene. "Panali mzere kuchokera pansi pa diso mpaka patsaya. Loya waufewetsa, chotsalacho ndapaka ndi kabulashi. Usavutike kundithokoza."

Sindinavutike. Mzere umenewo chinali chipsera cha mayi. Anachipeza atangokwatiwa, galasi lalikulu la m'situdiyo litawaswekera pamene ankathandiza bambo kulinyamula. Bambo anapepesa moyo wawo wonse, mayi n'kumawakhululukira pang'onopang'ono, makamaka akafuna kuperekezedwa kwinakwake. Ndiye mwana wawo woyamba, amene analeredwa akuyang'ana tsaya lomwelo, wachifufuta ngati dothi.

"Achimwene, kodi munkayamwa mutatsinzina?" ndinafunsa.

"Mkwiyo wakowu ukukalambitsa," anayankha. "Munthu azikumbukiridwa ali bwino."

Anapita nacho chithunzicho kwa bambo pakhonde, ine pambuyo. Bambo anavala magalasi, anachiyandikitsa, anachitalikitsa, n'kuyang'ana m'makona monse monga ankachitira asanapereke ntchito.

"Ntchito yabwino iyi," anatero.

Achimwene anatupa ngati chule.

"Muchiike mu envelopu," bambo anapitiriza. "Mwini wake akabwera kudzatenga, mumuuze kuti asachipachike padzuwa."

"Bambo, awatu ndi amayi," anatero achimwene.

"Amayi a ndani, bwana?"

Mluzu uja unathera pomwepo. Ine ndinakalowetsa Kazitape ndekha, msana ukulira, n'kukankhira Loya kukona. Ndinapukuta magalasi ake, ndinapemerera negativi mpaka mutu unazungulira, koma fumbi silimva. Pansi pa nyali yofiira, m'beseni la mankhwala, mayi anayamba kutuluka: maso poyamba, kenako makwinya, chipsera chija, ndi kamwa lawo lokhala lokonzekera kukalipa. Pachipumi panali timadontho toyera ta fumbi.

"Waona fumbilo?" anatero achimwene kumbuyo kwanga, mawu atatsika. "N'zimene ndimanena."

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandinyansa kwambiri. Chithunzi chotero bambo akanaching'amba masiku awo. Ndinachitsuka, ndinachipachika pachingwe, koma kudikira kuti chiume bwino kunandikanika. Ndinkaopa kuti nachonso achiika mu envelopu, ndipo negativi ina panalibe.

Bambo analandira chithunzicho ndi manja awiri. M'makona sanayang'anemo. Chala chawo chinapita pansi pa diso, chinatsika ndi mzere uja mpaka patsaya, n'kuima pomwepo.

"Amake ana," anatero motsitsa, "galasi lija linali lolemera, ndikanaitana amuna anzanga. Pepani."

Achimwene anatembenukira kukhoma, mwina linali ndi makwinya ofunika kupaka. Bambo anatulutsa kampango m'thumba n'kuyamba kupukuta timadontho tija pachipumi pa mayi, pang'onopang'ono kuti asawapweteke. Kenako anakweza maso n'kundiyang'ana mokalipa, monga ankachitira ndili mtsikana waulesi.

"Iwe, ukungoyang'ana? Mayi ako aima kalekale, apatse mpando wawo."