Mbiya ya Madeya

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, anthu pa Nkhotakota ali kalikiliki kukangana za zipani, Abasi ankatha ngati sopo. Anali telala wa pamsika, koma m'mimba munali mutatseguka miyezi inayi. Kuchipatala anamutulutsa ndi mawu aja amene aliyense ankadziwa tanthauzo lake: akayesere kunyumba.

Amene anamvera chisoni mkazi wake, Maimuna, anali Benedicta, namwino wopuma pantchito.

"Kuchira sindikulonjeza, mayi," anatero Benedicta. "Koma m'matumbo mwa munthu mumakhala tizilombo tabwino, ndipo mwa amuna anu tatha. Chakudya chake ndi madeya omwe timatayira nkhukuwa. Muwasefe, muphike phala, likazizira muthiremo thobwa losasa pang'ono. Ligone masiku awiri basi."

Maimuna sanafunse kawiri. Anakatenga madeya kuchigayo, mbiya naikhazika kuseri kwa chitseko. Sabata yachitatu m'mimba munagwirako. Kaya anali madeyawo, kaya matenda ankangopumula, adziwa ndani? Lachisanu Abasi anavala mkanjo wake, womwe tsopano unkangolendewera, nayenda yekha mpaka kumzikiti. Maimuna analira ndi chimwemwe pakhomo.

Tsoka ilo, ngakhale mwana amadziwa kuti madeya ovundikira m'mbiya amathera ku kachasu. Akuchigayo anali ataona kale. Tsopano amene anaima ndi Abasi phewa ndi phewa poswali mumzikiti anamva kafungo kosasa pakamwa pake. Mphuno za anthu opemphera, abale inu, n'zakuthwa.

Loweruka kunafika Hassani, mkulu wake wa Abasi. Anavundukula mbiya, nanunkhiza.

"Alamu, m'nyumba ya Msilamu?"

"Si mowa, alamu. Lawani nokha."

Hassani anabwerera m'mbuyo ngati amupatsa njoka. Anatembenukira wodwala pamphasa. "Anthu akufunsa. Akuti munthu wofa mowa uli m'mimba, jeneza la maliro ake anyamula ndani?"

Atachoka, Maimuna anati akaitane Benedicta adzafotokoze. Abasi anapukusa mutu. Mawu a mayi wa kutchalitchi pa nkhani ya haramu, zoletsedwa m'Chisilamu, akawamva ndani?

"Amake Laila, katayeni," anatero Abasi kwa mkazi wake.

"Mwayamba kudya. Dzulo mwayenda!"

"Ndayenda, inde. Koma nonse mukudziwa kumene ndikupita. Mwezi umodzi woonjezera, kenako mundiike anthu atatu ngati galu? Katayeni ndi manja anu, masana, anthu aone."

Maimuna anapsa mtima, anachonderera, mpaka anamunena kuti ndi wamantha. Abasi anangotseka maso. Iye ndiye ankafa, ndipo maliro anali ake.

Maimuna anatulutsa mbiya dzuwa lili pamutu, naikhuthula pabwalo. Nkhuku zinathamangira. Amayi oyandikana nawo anaona bwinobwino, ena akugwedeza mitu kuvomereza.

Abasi anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Anthu anadzaza monga anafunira, jeneza linkangopatsirana m'manja mpaka kumanda. Pobwerako Hassani anaima pakhomo pa nyumba imene Maimuna anakhala ndi amayi anzake, nakweza mawu kuti onse amve.

"Alamu, tikuthokoza. Munachita bwino kumvera."