Chigafa Chovekedwa Pulasitiki

Esiteti ija ya kuseri kwa Chamama itagulidwa ndi kampani yakunja ya zamakompyuta, choyamba kufa chinali mawu oti bwana. Manijala watsopano, mnyamata wa masaya osalala wochokera ku Lilongwe, anauza matenanti kuti, "Kuno tonse ndife ofanana. Muzingondiitana kuti Ronald." Matenanti anawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Zikomo bwana."

Kenako kunabwera mwambo wa Lachisanu. Masana a tsikulo anthu ankasonkhana kuofesi, aliyense n'kunena ganizo latsopano la kalimidwe. Ronald ankati kampaniyo inakula choncho: kwawoko ngakhale wosesa amabweretsa nzeru, ndipo wolephera amamuwombera m'manja chifukwa waphunzitsa anzake. Koma lamulolo linali ndi mchira. Mwini ganizo amaliyesa pa fodya wake yemwe, ndipo chiyeso chikayamba sachisokoneza. Wosokoneza chiyeso, kapena wokhala duu wopanda ganizo, chaka chamawa malo ake alowa wina.

Lameki, tenanti wochokera ku Phalombe, anali munthu woti ukamufunsa dzina amayamba wakhosomola. Chaka chimenecho fodya wake wa bale anachita bwino, masamba ngati makutu a njovu, ndipo iye ndi mkazi wake Lefina anali atasoka kale n'kupachika chigafa chonse. Ndiwo unali moyo wawo wa chaka chathunthu, uli lendelende pamikangala. Koma ganizo analibe.

"A Lameki, inu nokha simunatipatsepo kanthu," anatero Ronald Lachisanu lina akumwetulira. "Ku likulu la kampani ayamba kufunsa za inu."

Lameki anayang'ana uku ndi uku. Maso ake anagwera pa chipepala chakuda chomwe anaphimbira matumba a feteleza.

"Mwina... titakulunga chigafa ndi pulasitiki, bwana, fodya angamaume msanga."

Sankhani, mnansi wake, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene, mukufuna kuumitsa fodya kapena kuphika chigwada?"

"Ayi, kuno sitiseka ganizo," anatero Ronald, maso akuwala. "Palibe anayesapo zimenezi. Tiyamba mawa."

Palibe anayesapo, inde. Palibenso anayesapo kumeta fisi.

M'mawa mwake chigafa chinavekedwa chakuda kuyambira kudenga mpaka pansi, ngati chili pamaliro. M'katimo anapachikamo kachipangizo konga bokosi la machesi, koyeza chinyezi n'kumatumiza uthenga ku foni ya Ronald. Inali nyengo ya mvula ya mswera, yosagwa yosaleka. Bale amauma ndi mphepo, ngakhale mbuzi za ku Kasungu zimadziwa.

Posakhalitsa pulasitiki uja anayamba kutuluka thukuta m'kati. Ukayandikira, kafungo kotsekemera ngati ka nthochi yovunda kankakulonjera.

"Bambo a Thoko, mukukamva kafungoka?" anafunsa Lefina.

"Ndili ndi chimfine."

"Chimfine chanucho tidya chimenecho? Masamba akumunsi ayamba chuku. Ndasuzumira."

"Tikang'amba atithamangitsa. Tipita kuti, mayi a Thoko? Ku Phalombe munda munausiya?"

"Tikapanda kung'amba atiwombera m'manja. Ndiye mwanayu tizimuphikira m'manjamo."

Lameki anatenga khasu n'kupita kudimba, monga amachitira amuna nkhani ikafika pa fupa. Lefina anatenga mpeni wosendera mbatata. Kumbuyo kwa chigafa kunali chulu chachikulu ndi matope ofika m'mawondo, kumalo koti nsapato zoyera za Ronald sizikanalota kupondako. Anang'amba mbali yonseyo, n'kuboolanso m'munsi mwa denga kuti mphepo izidutsa. Kutsogolo, koyang'ana kumsewu, chigafa chinakhalabe chakuda bii, chaulemu wake.

Mphepo inalowa. Masamba akumunsi anatayika, koma ena onse anauma bwino, ofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Lameki atawaona anakhala pansi n'kupuma ngati wapulumuka pangozi ya basi. Anaiwala kuti kabokosi kaja nakonso kankapuma mphepo yomweyo.

Ronald anafika pagalimoto, n'kuima pamsewu pouma, foni m'manja.

"A Lameki! Mukudziwa zomwe mwachita?"

Lefina anaima pakhomo, mwana kumsana, osaphethira.

"Chinyezi chinakwera, chinakwera, kenako chinangogwa chokha!" anapitiriza Ronald. " Ku likulu sanagone. Akuti kutentha kukafika penapake, pulasitikiyo amayamba kuumitsa yekha. Tabweretsani tsamba ndione."

Lameki anatulutsa tsamba limodzi podutsira pakakhomo kakutsogolo. Ronald analijambula, analinunkhiza, analijambulanso.

"Simunakhudze chilichonse, eti?"

Lameki anakhosomola. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwana.

"Ayi, bwana."

"Ronald."

"Ayi, bwana Ronald."

Lachisanu lotsatira anamuimika kutsogolo n'kumuveka kapu ya kampani. Pa kanema wa pachipupa panaoneka nkhope za azungu ndi amwenye a ku likulu, akuwomba m'manja mochedwerapo chifukwa cha netiweki. Ronald anafotokoza kuti kampani yawo ikapeza chinthu chabwino siizengereza: imachifalitsa. Zigafa zonse za paesiteti zivekedwa pulasitiki, pakuti fodya wachiwiri anali atangopachikidwa. Ndipo popeza chiyeso tsopano chakula, pulasitiki wake akhala wochindikala, wokhomedwa ndi misomali, ndipo pa chigafa chilichonse paikidwa kamera kutsogolo ndi kumbuyo.

Palibe anaseka. Sankhani, yemwe chigafa chake chinayang'anizana ndi chulu chija, anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Achimwene, ine ndinaona mpeni wa alamu. Munena ndinu, kapena ndinene ndine?"

"Ndikanena andichotsa."

"Mukapanda kunena, tivunda tonse. Ndiye sankhani amene akuthamangitseni, kampani kapena ife."

Lameki anatsegula pakamwa. Ronald anamuyang'ana mwachikondi, akudikira mawu a munthu wanzeru. Panja lole inali kubwerera chammbuyo ikulira, itasenza mipukutu yakuda mpaka pamwamba, ndipo matenanti onse anatembenuka kuyang'ana Lameki.

"Ndimati ndingothokoza, bwana," anatero Lameki.

Lefina anamangitsa mwana kumsana n'kutuluka, kukayamba kulongedza.