Fumbi Lofiira pa Burashi ya Bambo

"Kwanuko ambulansi imafika maliro atatha," anatero achemwali, akuika kapu pathebulo mwamphamvu moti supuni inadumpha.

Mng'ono wanga sanakweze mawu. Anayankha maso ali kudenga, pamene panali banga la madzi a mvula, kuti kuno ambulansi imafikadi msanga, koma imakathera pakona, chifukwa msewu wonse ndi mabenchi a ogulitsa ndi magalimoto akufa. Anawonjezera kuti munthu wa kuno akayetsemula, nyumba zitatu zimamufunsa ngati wamwa mankhwala. Achemwali anati bola zimenezo kusiyana ndi kufera kuseri kwa mpanda, anthu n'kudzadziwa chifukwa cha kulira kwa galu.

Limeneli linali Lamlungu lachitatu chibwerereni changa. Ndinachoka mumzinda uno ndili ndi tsitsi lakuda bii, ndinabwerako patatha zaka makumi awiri ndi zitatu ndili ndi imvi ndi masutikesi awiri, imodzi ya mabuku okhaokha. Ndinapeza sitolo ya mabuku imene inandilera ikugulitsa zikwama za mafoni. Kumene kunali thengo, komwe tinkapita kukatola miyala yosalala, kunali mzinda wina wa mipanda ya njerwa ndi misewu yafumbi, ndipo anthu anga anali atagawikana pawiri. A m'kati mwa mzinda ankatcha anzawowo afumbi. A kumphepete ankabwezera powatcha a m'chitini. Ndawerenga za nkhondo zambiri zoyamba pa zifukwa zazing'ono, koma iyi inali yoyamba kuiona ikumenyedwa ndi makapu a Mayi.

Mkangano unali wa Bambo. Chimwalirireni Mayi, mutu wawo unayamba kugwetsa zinthu panjira: mayina, masiku, ketulo pamoto. Achemwali ankati Bambo akhalebe m'nyumba imene tinakuliramo, m'kati muno, kumene iwo akuwasamalira usana ndi usiku, kumene mapazi a Bambo amadziwa kona iliyonse ngakhale mutu utaiwala. Mng'ono wanga, amene amakonza mafiriji m'tauni, ankati asamukire kwake kumphepete, kuli bwalo, mpweya ndi adzukulu. Anagwirizana chinthu chimodzi chokha, chakuti ine, amene ndinalibe mbali, ndidzagamule.

"Nanga mukuti bwanji, a Profesa?" anandifunsa achemwali. Dzinali anandipatsa ndili wamng'ono, ndipo sanalitchulepo mondilemekeza.

Ndinati ndikufunabe kuganiza. Ndinaona awiriwo akuponyerana diso, kamphindi kochepa ngati kuphethira, kenako aliyense anabwerera ku kapu yake. Anthu amene angotukwanizana kumene sayang'anana choncho. Ndinasunga zimenezo.

Bambo anali pampando wawo pafupi ndi khomo, burashi ya nsapato ili pamiyendo. Anagwira ntchito zaka makumi atatu pakhomo la hotela, atavala yunifolomu, ndipo ankati munthu amamudziwa ndi nsapato zake asanayang'ane nkhope yake. Tili ana, m'mawa uliwonse ankapukuta nsapato za aliyense amene wagona m'nyumbamo, n'kuzindandalika m'khonde la mkati, zidendene kukhoma. Za alendo ankaziika panja, pasitepe. Mayina athu anali atayamba kuwathawa, koma ntchito imeneyi manja awo sanaiiwale.

Ine sindinkagona kumeneko. Ndinatenga chipinda panyumba yogona alendo pafupi ndi siteshoni, ndinawauza kuti woweruza ayenera kukhala patali ndi mbali zonse ziwiri. Zoona zake n'zakuti nyumba yathu inkandikwiyitsa. Inali itachepa. Tsiku loyamba ndinayenda m'chipinda chilichonse ndikuwerenga mapazi kuchokera kukhoma kufika kukhoma, osakhulupirira kuti balaza limene ndinalinyamula m'mutu zaka zonsezi ngati holo linali mapazi asanu ndi awiri basi.

Lachiwiri lotsatira ndinapita masana. Achemwali anali atapita kukatenga mankhwala, ndipo ndinakhala ndi Bambo awiriwiri. Burashi inagwa pamiyendo pawo, ndinawerama kuti ndiwatolere. Ubweya wake unali wofiira.

M'kati muno mulibe dothi lofiira. Muli phula, muli matope akuda a m'ngalande zotsekeka, muli phulusa. Fumbi lofiira ndi la kumphepete, ndipo limeneli linali latsopano, chifukwa nditagogoda burashi pachikhatho linagwa ngati ufa. Lamlungu mng'ono wanga anasiya nsapato zake panja, Bambo sanazikhudze. Nanga izi zinali za liti?

Ndinawafunsa Bambo kuti ndani anabwera. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati amabwera wa zidendene zodyeka mbali imodzi. Ndinafunsa ngati amabwera ndi mapepala, ngati amawapatsa cholembera. Bambo anamwetulira mwaulemu, monga ankachitira kwa alendo a kuhotela amene sankamva chilankhulo chawo.

Ndinayamba kufufuza m'nyumba ya makolo anga ngati wakuba. Kuseri kwa wodiropu, m'chipinda chimene chinali changa, ndinapeza matiresi opindidwa, bulangete ndi malaya a ntchito onunkha girizi. Kabati imene Mayi ankasungamo mapepala a nyumba inali yokhoma, pomwe kale kiyi ankangokhala pomwepo. Ndinalowanso m'chipinda cha achemwali. Bedi linali loyalidwa bwino, koma m'wodiropu munali madiresi awiri okha ndi mahang'ala olira okhaokha. Panalibe mafuta odzola, panalibe chipeso, panalibe nsapato za alamu, amuna awo, pansi pa bedi. Chipinda chimene munthu amagonamo chimakhala ndi fungo lake. Ichi chinkanunkha sopo wokolopera.

Ndinabwerera kuchipinda changa nkhani nditaimaliza kale m'mutu, mutu ndi mutu, monga m'mabuku amene ndinkawadalira kuposa abale anga. Mng'ono wanga amalowa mozemba achemwali kulibe, kudzanyengerera nkhalamba yosokonezeka kuti isaine nyumba. Achemwali nawo asamutsa katundu wawo kuti akonze zipinda za lendi. Aliyense akufuna Bambo ngati kiyi, ndipo ine andiitana kuti ndidzaike chidindo pa kuba kwa mmodzi wa iwo. Ndinadzimva wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Ndinaganiza zomugwira mng'ono wanga akutsika. Lachinayi ndinalawirira pasiteji pamene minibasi za kumphepete zimatsitsa anthu, ndinaima kuseri kwa kanyumba kogulitsa nyuzipepala. Moyang'anana ndi ine panali wosoka nsapato, bambo wadazi wokhala pansi pa ambulera yong'ambika, ndipo kumbuyo kwake kunali shelefu yaitali yamatabwa, yogawidwa timabokosi ngati ya makalata kupositi. Poyamba ndinkayesa ndi nsapato zodikira kusokedwa. Kenako minibasi yoyamba inafika.

Anthu ankatsika ndi mapazi ofiira mpaka m'akakolo. Ankapita molunjika pabenchi la wosokayo, osalankhula zambiri, iye n'kutambasula dzanja kumbuyo osayang'ana, kutulutsa nsapato zoyera m'kabokosi ka munthuyo. Munthu ankavula zafumbi, kupukuta mapazi ndi kansalu, kuvala zoyera, n'kunyamuka ali wa m'tauni. Makalaliki, anamwino, mkulu wina wa tayi. Madzulo amadzasinthanso. Ndinatsala pang'ono kutulutsa kabuku kanga kuti ndilembe.

Minibasi yachitatu inatsitsa achemwali.

Anakhala pabenchi ngati munthu amene wakhalapo maulendo mazana. Wosoka anawapatsa nsapato zakuda zija zimene ndinkaziona Lamlungu lililonse, zonyezimira ngati sizinapondepo pansi. Asanamalize kumanga, mng'ono wanga anatulukira, osati m'minibasi, koma wapansi, kuchokera kumsewu wa kwathu, maso otupa ndi tulo, bokosi la zipangizo lili m'manja. Anatulutsa kiyi wa nyumba m'thumba n'kuwapatsa achemwali. Ndinamumva akunena kuti Bambo adzuka kawiri, amwa mankhwala, koma akana kusamba.

Ndinawoloka msewu. Sindikumbuka kuti ndinayamba ndi mawu ati, koma ndikukumbuka kuti ndinalankhula bwino, mwadongosolo: burashi, matiresi, kabati yokhoma, mahang'ala. Wosoka anapitiriza kukhoma msomali ngati wogontha. Achemwali anandisiya mpaka ndinamaliza, nsapato imodzi ili kuphazi, ina m'manja.

"Watha, Profesa?"

Anandiuza osandiyang'ana kuti anasamukira kumphepete chaka chatha, alamu atadwala chifuwa chimene chinkakula ndi chinyezi cha nyumba yathu. Amakhala misewu iwiri kuchokera kwa mng'ono wathu, ndipo amadana nako mpaka lero, fumbi lake, zii wake, madzi obwera kawiri pa sabata. Amafika kuno m'mawa uliwonse, amachoka madzulo. Mng'ono wanga akaweruka amapita kukaona ana ake, kudya nawo, n'kubwerera ndi minibasi yomaliza kudzagona pamatiresi aja, masiku asanu pa sabata. Mng'ono wangayo anawonjezera yekha kuti nayenso amadana nako kuno, phokoso lake, fungo la ngalande, wailesi ya aneba. Loweruka ndi Lamlungu amasinthana.

Ndinafunsa kuti ngati zili choncho, mkangano wonse uja unali wa chiyani.

"Mkanganowo ndi weniweni, achimwene," anatero mng'ono wanga. "Ine ndimafunadi Bambo abwere kwathu, awa safuna. Tinakangana chaka chathunthu. Koma titamva kuti mukubwera, tinagwirizana kuti tisamalize. Ife tikamakangana, inu simugamula. Mukapanda kugamula, Bambo ali m'nyumba mwawo."

"Mumandiopa ine?"

Achemwali anavala nsapato yachiwiri. Anandikumbutsa kalata imene ndinatumiza Mayi atamwalira, maliro amene sindinabwere. Ndinali nditaiiwala. M'menemo ndinalemba masamba awiri kuyamikira nyumba zosungirako okalamba za kumene ndinkakhala, ukhondo wake, anamwino ake, ndipo ndinaikamo kapepala ka zithunzi: nkhalamba zoyera mitu zitakhala pa kapinga, zikuseka. Ndinati ndi mmene anthu oganiza amachitira.

"Kenako wafika," anapitiriza achemwali. "Sunagone m'nyumba ngakhale tsiku limodzi. Tsiku loyamba ukuyeza zipinda ndi mapazi, khoma ndi khoma, milomo ikuwerenga. Tsiku lachiwiri ukufunsa kuti mapepala a nyumba ali kuti. Iwe ukanakhala ine, kabati ija ukanaisiya yotsekula?"

Ndinafuna kuwauza kuti ndinkayeza chifukwa balaza linali litachepa, kuti mapepalawo ndinkangofuna kuona siginecha ya Mayi. Zinamveka zopusa ndisanazinene n'komwe. Wosoka anakweza mutu koyamba, anayang'ana kumapazi kwanga mwa chizolowezi cha ntchito yake, n'kundifunsa ngati nanenso ndikufuna kabokosi. Anadziyankha yekha kuti ayi, izi sizikusowa kanthu. Mng'ono wanga anaseka pang'ono, anasuntha bokosi la zipangizo kudzanja lina, n'kupita kuntchito. Zidendene zake zinali zodyeka mbali imodzi.

Masana omwewo ndinatulutsa masutikesi anga kunyumba ya alendo. Ya mabuku inathyoka gudumu pakona ya msewu wathu, ndinaikoka pakati pa mabenchi, ogulitsa akundiuza nzeru za mmene ndingainyamulire. Achemwali ananditsekulira chitseko. Sanandilandire, sanandiletse. Anangoti matiresiwo ali ndi dzenje pakati, ndipo Bambo akadzuka usiku osawagwira pamkono, amakwiya, kungoyenda nawo pambali mpaka atatopa. Ndinawauza kuti Lamlungu palibe chimene ndidzagamule. Anati ndiuze mng'ono wanga ndekha, iwo si mthenga wanga. Kiyi wa kabati sanandipatse.

M'mawa mwake ndinadzuka msana ukuwawa, ndinamva burashi ikulira m'khonde. Ndinasuzumira pachitseko. Mng'ono wanga anali atabwerabe usikuwo, kaya mwa chizolowezi kaya posandikhulupirira, n'kugona pasofa. Bambo anali atamaliza nsapato zake, atazindandalika zidendene kukhoma, kamulu ka fumbi lofiira kali pakati pa mapazi awo. Tsopano anali atanyamula yanga.

Anaitembenuza. Anayendetsa chala m'mphepete mwa soli, anachiyang'ana chalacho. Anaibweretsa pafupi ndi windo, anapendeketsa mutu, burashi ili m'mwamba ikudikira. Kenako anaitsitsa burashiyo osaigwiritsa ntchito. Anatola nsapato zonse ziwiri ndi zala ziwiri, mosamala, monga ankanyamulira za anthu olemekezeka, anatsekula chitseko, n'kuziika panja, pasitepe, mphuno zitaloza kumsewu.