Mtsikana wa Pachithunzi

Filimu itatha, abusa anachotsa mabulangete amene anatchinga nawo mawindo a holo ya tchalitchi. Amayi ambiri anali akupukutabe misozi. Munthu wa mufilimuyo anapha mtsikana, khoti linagamula kuti anyongedwe, ndipo analapa atakumbatira Baibulo, chingwe chikulendewera pamutu pake.

Atelala okha, mayi wosoka zovala m'deralo, ndiwo maso anali gwa. Ankadziwa chimene anawasungira mpando wakutsogolo. Mkamwini wawo anali kundende, kudikira chingwe chomwecho, chifukwa chopha mwana wawo wamkazi. Tsono akuti analapa, ndipo ankapempha kuti asanafe aone mwana wake, mdzukulu amene atelalawo ankalera.

"Mwaonatu, mayi," anatero abusa mofatsa. "Ngakhale mbala ya pamtanda ija inalandiridwa. Loweruka ndikupita kundende. Mundipatse mwanayo akaone bambo ake."

"Ndaona, abusa. Filimu yabwino zedi," anayankha atelala akuimirira. "Koma ndifunseko. Mtsikana anaphedwa uja, dzina lake anali ndani?"

Mkulu wa mpingo anakanda dazi lake.

"Aaa, si uja anangooneka pachithunzi uja?"

"Yemweyo! Wakuphayo mwamuona akudya, akumetedwa, akulira, mpaka nyimbo amuimbira. Dzina lake mwaliloweza nonse. Mtsikanayo angomupachika pakhoma ngati kalendala. Pa misozi yonse mwakhetsayi, dontho lake ndi liti?"

"Mtima m'malo, mayi," analowererapo amayi abusa. "Kubwezera n'kwa Mulungu."

"Wanena zobwezera ndani? Chingwecho sindinachipemphe ine. Atachichotsa mawa sindingadandaule, sichingandidzutsire mwana wanga. Koma mdzukulu wanga akhale mathero a filimu yanu kuti mulire bwino? Toto!"

Abusa anapuma mozama. Sanali munthu woipa ayi, kungoti ankakonda nkhani zothera pa ameni.

"Mkamwini wanuyo analapadi, mayi. Ndinamuona ndi maso angawa atagwada."

"Anagwadira inu. Kodi inuyo anakupherani ndani? Kandimverere anakanena za m'maluwa, abusa. Kulapa kotumiza mthenga ine sindikudziwa."

Anatola chikwama chawo n'kutuluka. Kumbuyo kunamveka manong'onong'o akuti mayiyu ngouma mtima, koma iwo sanacheuke. Atafika kushopu anakhala pamakina osasoka kanthu, mtima ukuwawa ngati maliro achitika dzulo.

Loweruka m'mawa abusa anaimitsa galimoto pakhomo pa shopuyo, pofuna kuyesanso komaliza. Anapeza atelala atatseka kale, atavala diresi lakuda limene anadzisokera pamaliro paja.

"Nanga mwana ali kuti?"

"Ali kwa azakhali ake. Ndikupita ndine. Munthu wanuyo akandiyang'ane m'maso, atchule dzina la mkazi wake, anene ndi pakamwa pake chimene anamuchita. Mulungu ngati anamukhululukira, zikomo, zimenezo n'za awiriwo. Zanga sanayambe n'komwe."

"Akakanika?"

"Ndiye kuti mwanayo adzamuona pachithunzi, monga momwe amawaonera mayi ake."

Atelala anali ndi mantha, koma sanafune kuti wina adziwe. Anatsegula okha chitseko cha galimoto n'kukhala kutsogolo.

"Tiyeni, abusa. Nthawi yoona akaidi imatha."