Beseni la kwa Apongozi

Dorika anafika kwa Ndamera dzuwa lili paliwombo, msana ukuwawa ndi mabampu a njinga yamoto, fumbi litamuyeretsa mpaka m'nsidze. Anali m'chaka chachitatu ku koleji ku Blantyre, komwe ankaphunzira digiri ya zaumoyo wa anthu. Sukuluyi anaiyamba ali wamkulu kale, wapabanja, atayezako ana kusikelo zaka zingapo, moti anzake a m'kalasi, ana adzanadzana, ankangomuti Anti. Aphunzitsi anawatuma kuti aliyense apite kwawo akaphunzitse anthu njira imodzi yopewera kolera, kenako adzafotokoze m'kalasi. Koma Dorika sanabwere chifukwa cha aphunzitsi. Anabwera chifukwa cha Praise.

Praise anali mwana wake wa zaka zinayi. Ku hositelo salola ana, bambo ake a mwanayo, Harold, ankadula nzimbe ku Nchalo, ndiye mwanayo ankakhala ndi agogo ake akuchimuna, a Geresomo ndi a Juliana. Madzi osefukira anali atangophwa kumene, zimbudzi zambiri zinali zitagwa, ndipo kuchipatala chaching'ono anali ataimika kale tenti ya odwala kolera.

Tsiku lomwe anafikalo, Dorika analiona beseni.

Linali la pulasitiki, labuluu, losokedwa ndi moto pamene linang'aluka. A Juliana anathiramo madzi nalipereka pakhonde, pomwe a Geresomo ankadya ndi mnzawo wakudooko, a Fanizo. Amuna awiriwo anali atangochoka kotumbula milamba. Anasamba m'manja, beseni linabwerera pansi pa mtengo wa nimu pomwe pamadyera amayi. Anasamba a Juliana. Anasamba Dorika, mtima uli m'mwamba. Pofika kwa Praise madzi anali ngati otsukira mphika, mamba a nsomba akuyandama. Mwanayo anaviikamo manja onse awiri, nawasewera pang'ono, kenako n'kunyambita chala.

Dorika anayang'ana kumbali. Beseni lotere analidziwa kuyambira ali mwana kwawo kwa Makhuwira, nayenso anakulira m'madzi otsala. Koma tsopano anali ataona pagalasi la makina tizilombo tija tikuyenda ngati mphutsi zopindika, ndipo chimene maso aona mtima sungachikane.

M'mawa mwake anapanga mpondagiya, monga anaphunzirira. Anazika mitengo iwiri ya mphanda, anapachika kachigubu koboola, anamanga chingwe mpaka pa kamtengo kopondapo, sopo anamukoloweka pambali. Thukuta linkangoti chuchuchu. A Fanizo anaima n'kuonerera, manja kumbuyo.

"Amake Praise, galimotoyi ikupita kuti? Ngati n'ku Blantyre ndisungireni mpando wakutsogolo."

"N'chosambira m'manja, baba. Mukaponda apa, madzi akutsika okha."

A Fanizo anaponda, madzi anawathira pa bondo. "Ehe! Ya ophunzira imayamba kusambitsa miyendo!"

A Geresomo anangoyang'ana ali pakhonde, akusoka ukonde. Sanali munthu wolankhulalankhula, ndiponso mkazi wa mwana wawo sankayankhulana naye maso ndi maso. Mawu ankadzera kwa a Juliana. Kutacha, Dorika anapeza mitengo iwiri ija itaima yokha. Sopo anali atadyedwa ndi mbuzi. Kachigubu kanali ku dambo la Ndindi, kakuyandama pa ukonde wa a Geresomo, chifukwa choyandamitsa chawo chakale chinapita ndi madzi.

"Anati ndi kabwino, sikalowa madzi," anatero a Juliana, opanda n'chipongwe chomwe.

Dorika anakhala pa mtondo nagwira m'mutu. Atapuma anatenga jagi. "Mai, bwanji tizithirirana? Wina agwire jagi, madzi azigwera m'beseni, aliyense asambe atsopano."

A Juliana anamasula duku namuonetsa pamutu, pomwe tsitsi linatha ndi nkhata. "Mwanawe, mjigo wapafupiwu ndi wamchere, ngakhale sopo sachita thovu. Madzi abwino ukuwadziwa komwe ali, kuseri kwa sukulu. Panopa ulipo, utunga. Loweruka ukakwera njinga yako, madzi othirathirawo adzasenza ndani? Khosi ili?"

Dorika anaika jagi pansi. M'mabuku ake munali zithunzi za manja ndi mivi yolozera, koma munalibe khosi la a Juliana. Anatunga yekha masiku otsatirawo, maulendo awiri m'mawa, miyendo ikunjenjemera chifukwa thupi linali litaiwala ndowa. Praise ankamusambitsa payekha kuseri kwa khitchini, mobisa ngati akuba. Koma ankadziwa kuti akangochoka, mwanayo abwerera kumapeto kwa mzere.

Lachinayi kunadwala mayi wina wa nyumba yoyandikana ndi a Fanizo. A Fanizo ndiwo anamukweza panjinga mpaka ku tenti, akumugwirira kuti asagwe, mayiyo akusanza njira yonse. Anabwerako atalefuka, nafikira pakhonde pa mnzawo nthawi ya nkhomaliro.

"Pepani, lero sindiseka," anatero. "Munthu kutha ngati tsamba padzuwa, maso kulowa m'kati ine ndikuona."

"Kuchipatalako anakusambitsani mankhwala, baba?" anafunsa Dorika ali chapatali.

"Anandipopera kumapazi. Ndinathawa, fungo lake lija ndi la maliro."

Dorika anali kukhitchini akupakula ndiwo pamene beseni linayamba ulendo wake. Potuluka anapeza lafika kale pansi pa nimu, a Juliana akukung'untha manja, Praise atagwada, zala zatsala pang'ono kukhudza madzi. Mbale ya ndiwo anaiika pansi osadziwa kuti waiika bwanji. Anamukoka mwanayo padzanja mpaka analira, natenga beseni n'kukhuthula madzi onse pabwalo, kutsogolo kwa khonde. Madziwo anayenderera mpaka pafupi ndi mapazi a apongozi ake.

Nkhuku yokha ndiyo inathamangira mamba.

A Geresomo anayang'ana madziwo, anayang'ana manja awo, mkati ndi kunja. Anabweza mbamu imene anali atatema, naimirira, natenga nkhafi yawo, ulendo wa kudooko. A Fanizo anawatsatira, njala ili m'mimba.

"Watani, mwana iwe?" A Juliana analankhula motsitsa, ndipo kunali bwino akanakalipa. "Pamaso pa mlendo? Manja amenewo ndi amene anakoka ukonde kuti mwamuna wako akule. Lero akunyansa?"

"Si manja awo, mai. Ndi a Fanizo, anyamula wodwala..."

"Madzi unatayawo unawasankha kuti awa ndi a Fanizo, awa ndi a apongozi?"

Madzulo a Geresomo sanadye. Lachisanu m'mawa anachoka phala lisanapse. A Juliana anakana kumuperekera Dorika mawu alionse kwa amuna awo, anati moto woyatsa wekha uzime wekha. Dorika anaimbira Harold, koma foni inali yozima. Kumunda wa nzimbe salola mafoni. Anakhala pamphasa akupinda zovala za Praise, n'kuzipindulanso. Anaganiza zomutenga mwanayo, koma akamusiya kuti iye ali m'kalasi? Anaganiza zosiya sukulu chaka chino. Maganizowo anamukomera mwachilendo, ngati mthunzi kwa munthu woyenda ulendo wautali, ndipo kukomako n'kumene kunamuopsa. Anadzuka, anamanga chitenje, nalowera kudooko.

Njira inali yamatope ouma ong'alukang'aluka, udzudzu ukuluma ngakhale masana. Kudooko anapeza mabwato atakokeredwa pamtunda, ndipo mawu a apongozi ake anawamva asanawaone. Munthu wosalankhula uja ankakalipa.

"Fanizo! Matumbo amenewo ukutaya kuti? Suona amayi akutsuka mbale apo?"

"Aa, achimwene, tinsomba tidya, madzi ndi ambiri."

"Nkhabe, ayi! Tumbulira kumunsi. Ndinakuuza chaka chatha, ndinakuuza dzana. Wamkulu mutu ngati mlamba!"

"Mlamba ndi umene ukukudyetsani," anatero a Fanizo, komabe ananyamula dengu lawo nasunthira kumunsi, akung'ung'udza.

Dorika anagwada patali ndithu, pambali pa bwato, nkhope atayang'ana kumbali monga achitira mkazi wa mwana. Anaomba m'manja pang'onopang'ono. A Geresomo anamuona koma anapitiriza kumasula ukonde.

"Baba, ndinalakwa. Madzi aja sindikanataya pamaso panu. Ndapepesa."

Ukonde unapitirira kuyenda m'manja mwawo.

"Sukulu sinandiphunzitse kuti manja anu ndi onyansa. Nanenso anga ndi omwewo, a mai ndi omwewo. Matendawa saoneka, amakwera aliyense." Anaima, chifukwa anamva kuti wayamba kulankhula ngati ali kutsogolo kwa kalasi, ndipo anaona kuti mawuwo akungogwera m'madzi. "Baba, a Fanizo mwawathamangitsira kumunsi chifukwa cha mbale za anthu ena. Kunyumba kuja beseni limayambira kwa inu, lipite kwa alendo, lipite kwa ife. Praise ndiye ali kumunsi kwa tonse. Mawa ndikupita. Ndilibe pomusiya pena."

Sanalire, analibe mphamvu yake.

A Geresomo anachotsa kankhanu kamene kanakodwa mu ukonde, nakaponya m'madzi. Anapitiriza kumasula ukonde mpaka Dorika anamva mawondo akuphwanya.

"Ndamva," anatero. "Pitani, dzuwali likupwetekani."

Sanadziwe ngati kumeneko kunali kukhululuka kapena kuthamangitsidwa. Madzulo a Geresomo anatumiza mawu kuti adyera kwa a Fanizo.

Loweruka wanjinga anati abwera nkhomaliro ikatha. Dorika anatunga madzi kudzaza mitsuko yonse, nathiramo kolorini amene anabwera naye, nawaonetsanso a Juliana muyeso wake pa kachivindikiro. Chikwama anachiika pakhomo. A Geresomo anabwera kuchokera kudooko ndi a Fanizo, nakhala pakhonde ngati palibe chinachitika. A Juliana anathira madzi m'beseni, nagwada kulipereka. Dorika anaima ndi jagi m'manja pakhomo la khitchini, osadziwa ngati ayandikire.

"Jagiyo ikani," anatero a Geresomo, akuyang'ana kwa akazi awo ngakhale mawu anali opita kwa Dorika. "Zothirirana ngati kuhotela pano ayi. Madzi amenewo alibe wosenza."

Dorika anaiika pansi. Mtima unagwa nayo limodzi.

A Fanizo anapinda malaya natambasula manja, koma a Geresomo anawatchinga ndi mkono.

"Praise! Bwera kuno, iwe."

Mwanayo anayang'ana amayi ake, kenako anapita mwamantha, chifukwa pakhonde nthawi ya chakudya sipafika ana. Agogo ake anatulutsa m'thumba la malaya kachidutswa ka sopo, kokutidwa m'pepala, kosungidwa patali ndi mbuzi.

"Samba. Pakati pa zala pomwe. Amayi ako akuona."

Praise anasamba m'madzi oyera mbee, akuona pansi pa beseni pomwe panali posokedwa paja. Atatha anakung'untha manja monga achitira agogo ake aakazi.

"Kuyambira lero uyu ndiye woyamba," anatero a Geresomo kwa a Juliana. "Kaya pali mlendo, kaya abusa."

Kenako anaviika manja awo m'madzi amene mwana wasambamo.

"Kalanga ine!" anatero a Fanizo. "Ndakalamba, ndaona ng'ona ikudya mbuzi, ndaona madzi akulowa m'tchalitchi, koma izi! Ndiye ine ndikhale kumbuyo kwa kamwana aka?"

"Iwe malo ako ndi kumunsi. Samba, usatichedwetse."

Beseni linabwera pansi pa nimu. Anasamba a Juliana, nalikankhira kwa Dorika. Madzi anali atada monga mwa masiku onse, thovu la sopo litasakanikirana ndi mamba. Dorika ankadziwa bwino kuti izi si zimene mabuku amanena. Akakafotokoza m'kalasi, aphunzitsi adzafunsa kuti nanga agogo aakaziwo, nanga mbale imodzi yodyeramo, nanga chimbudzi chinagwa chija. Ndipo adzakhala akunena zoona. Jagi inali pomwepo, pafupi ndi phazi lake. Anamva kuti pakhonde asiya kulankhula.

Anatenga sopo, naviika manja ake onse awiri m'beseni, nasamba pang'onopang'ono mpaka m'zigongono.

"Takhuta, zikomo baba," anatero, nkhope ili kumbali.

A Geresomo anatema nsima yawo ya mapira nayamba kudya.

Wanjinga anafika akuliza hutala ali patali. Praise anamugwira chitenje, koma a Juliana anamunyengerera ndi mutu wa nsomba. Dorika anakwera, chikwama pamiyendo. Podutsa pa mitengo iwiri ya mphanda ija anaona kuti wina wayanikapo kale ukonde. Anatseka maso chifukwa cha fumbi, manja akununkhabe nsomba ndi sopo, ndipo asanafike n'komwe pamsewu waukulu wanjinga anachita kumugwedeza ndi chigongono kuti asagone, angagwe.